Mphepo Imene Tinapala Lachiwiri

Lolemba, 8 Januwale

Andigoneka. Wodi ya amayi odwala mtima, pamwamba, bedi la pafupi ndi zenera. Kope ili ndi la mwana wanga Mealea. Anang'amba masamba a masamu n'kundipatsa, akuti ndizilemba zimene dokotala wanena, chifukwa ine ndi amayi ake aakulu tikamafotokoza nkhani timakometsera.

Tinanyamuka kwathu ku Prey Veng m'mamawa, ine ndi mkulu wanga Bong Phalla. Masitepe a pano ndakwera ngati nkhalamba, kuima apa, kuima apo, chonsecho ndili ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi. Bong anali m'mbuyo mwanga ndi mkeka, ndowa, poto ndi pilo, akukalipira aliyense wofuna kutipitirira. Ndiwo akhale akundidikirira, ndipo mkeka wawo ayala kale pansi pa bedi langa. Benchi lawo la nsomba kumsika alisiya m'manja mwa mnzawo amene samukhulupirira ngakhale pang'ono.

Miyendo yatupa, ukadina ndi chala, dzenje limatsala. Andiyeza pasikelo, anditenga magazi, andiika kachubu kudzanja. Jakisoni wokodzetsa m'mawa ndi masana. Mchere ayi.

Chimene ndadzera n'chimodzi. Madokotala akunja amabwera pano kamodzi pachaka, amakhala sabata imodzi, ndipo amene amuchita opaleshoni m'sabata imeneyo bungwe lachifundo limamulipirira zonse. Kupanda apo, opaleshoniyo si ya ife ogulitsa nthochi zokazinga. Afika Lolemba likubwerali.

Lachiwiri, 9 Januwale

Dokotala wathu ndi Lok kru Vannak, aang'ono kwa ine, a magalasi. Dzina langa ndi Thou, koma amanditchula Ming, ngati ndine azakhali awo. Matendawa andikalambitsa basi.

Ajambula mtima papepala. Akuti mkati muli timakomo tokhala ndi zitseko, ndipo chitseko changa chimodzi chinauma, chimangotseguka pang'ono ngati chitseko chofufuma ndi mvula. Magazi amaunjikana kuseri, madzi n'kudzaza m'mapapo. Akuti zinayamba kalekale ndi zilonda zapakhosi ndili mwana.

"Zilonda zapakhosi?" anatero Bong. "Ndinkamumwetsa mandimu ndi uchi ineyo. Ankachira."

"Pakhosi pankachiradi, Ming," anatero dokotala.

Bong sanakondwe. Amayi athu anamwalira ine ndisanayambe sukulu, ndipo anandilera ndi iwowa. Ukanena za matenda a ubwana wanga, ndiye kuti ukunena iwo.

Njira zilipo ziwiri. Pansi pali chipinda chatsopano chimene anthu achifundo anagulira makina chaka chatha. M'menemo Lok kru amalowetsa kachubu pamtsempha wa m'mphechepeche, kamayenda mpaka kumtima, n'kufufumitsa kabaluni kamene kamakankha chitseko. Osang'amba paliponse, masiku awiri munthu wapita kwawo. Njira inayo n'kutsegula chifuwa n'kuika chitseko chachitsulo. Imeneyo amaitha ndi alendowo okha, a kuno akuphunzira kumene. Ndinapempha ya baluni. Anaseka, akuti kuno si kumsika.

Pabedi loyandikana ndi langa pali Ratana, mtsikana wosoka zovala kufakitale. Matenda ake ndi angawa. Akumudikirira ndi amayi ake, mwana wake woyamwa ali kwa apongozi. Milomo yake ndi yakuda, koma pakamwa sipatseka.

Lachitatu, 10 Januwale

Andizula dzino lakumapeto, lija lakhala likundivutitsa kuyambira chaka cha madzi osefukira. Akuti woyembekezera opaleshoni asakhale ndi chilonda kapena pobowoka paliponse, chifukwa tizilombo tikalowa m'magazi timathamangira kukamanga mudzi pachitseko chatsopanocho, ndipo pamenepo mankhwala sagwira msanga.

Tsaya latupa. Phala la mpunga lopanda mchere. Bong akuti likumveka ngati madzi otsukira poto, koma lotsalalo amaliza okha.

Lachinayi, 11 Januwale

Andimezetsa chubu chokhala ndi kamera kuti aone mtima chakumbuyo. Ndinasanza, ndinalira, nesi anandigwira mutu. Zimene apeza: chitseko chalimba ngati mwala, ndipo kuseri kwake kuli magazi oundana. Baluni ikhoza kuwagumula n'kukatseka kumutu. Ndiye chifuwa basi.

Madzulo mayi wina amene anamuchita ya baluni dzana anatuluka akuyenda yekha, ndowa yake atanyamula yekha. Ndinamuyang'ana mpaka pakhomo. Ndinamuchitira nsanje, sindibisa.

Ayamba kundibaya jakisoni wa pamimba, m'mawa ndi madzulo, wosungunula magazi. Nesi wamkulu anandiwerengera malamulo: mswachi wofewa, osasenda zipatso ndi mpeni, osawenga zikhadabo, osadzigunda pachitsulo cha bedi, chifukwa magazi akayamba kutuluka sasiya msanga. Bong anamvetsera zonse akugwedeza mutu, kenako anabisa mpeni m'thumba mwawo ngati ndine mwana wokwawa.

Loweruka, 13 Januwale

Miyendo yaphwa, mphete yalowanso m'chala. Ndagona ndi mapilo awiri m'malo mokhala tsonga.

Ratana akuti anamva kuti chitseko chachitsulo chimalira ngati wotchi, mpaka wogona naye amamva.

"Ndiye mwamuna wanga azidzadziwa ndikamanama, Ming. Izidzathamanga."

"Wanga ali ku Thailand akumanga nyumba za eni," ndinatero. "Olo andiike ng'oma, sangamve."

"Ameneyu angomuika belu la ng'ombe," anatero Bong ali pansi akusenda mango. "Ndizidziwa kumene walowera."

Tinaseka mpaka Ratana anagwira chitsulo cha bedi, nesi n'kubwera ndi okosijeni. Anatikalipira tonse atatu.

Lamulungu, 14 Januwale

Tsiku la achifundo. Kuyambira m'mawa akolopa kawiri, atipatsa malaya atsopano, ndipo odikirira odwala auzidwa kuti mapoto ndi mikeka zisaoneke. Bong anakankhira zonse pansi pa bedi n'kukhala patsogolo pake ngati nkhuku yofungatira.

Anafika ndi amonke awiri, ansembe a kukachisi. Anatiwaza madzi, anatimanga ulusi wofiira pamkono. Wapampando wa bungwe ndi mayi wachikulire wa nsalu ya silika, mphete chala chilichonse. Ndinali nditakonzeka kale kumuda. Koma atafika pa ine anandigwira phazi osanyansidwa, n'kunena kuti amuna ake anafera m'galimoto akuthamangira nawo ku Vietnam, chifukwa nthawi imeneyo kuno kunalibe chipinda ngati chapansicho. Akuti ndalama zambiri sizichokera kwa olemera, zimachokera m'timabokosi ta m'makachisi ndi kwa abale athu ogwira ntchito kunja.

Bong anandigunyuza. "Ndiye kuti zanga zilimo. Chitseko chakocho ndagula ndine, uzindilemekeza."

Mphatso: aliyense dengu la mkaka wa m'chitini, sopo, ndi mapaketi a zakudya zamchere zomwe atiletsazi. Anatijambula nalo. Mphatso yaikulu ya wodi yonse ndi makina oziziritsa mpweya, amene anawakhoma dzulo pamwamba pa zenera langa. Mayi uja anadina, onse anaomba m'manja. Akuti alendo akunja sazolowera kutentha. Januwale uno, mphepo ya kumpoto ikuwomba kale.

Atapita ndinapempha nesi kuti azimitse. Akuti kodinira kali ndi a ku ofesi.

Lolemba, 15 Januwale

Afika. Madokotala akunja aja anadutsa m'wodi gulu, ataliatali, nsapato zapulasitiki zamitundumitundu. Wamkulu wawo ndi mayi wa imvi, manja aakulu ngati a mlimi. Anamvetsera chifuwa changa nthawi yaitali, anaona zithunzi zanga, analankhula ndi Lok kru m'chinenero chawo, ine ndikungoyang'ana pakamwa pawo.

Lok kru anatembenuka. "Lachinayi m'mawa, Ming. Ndinu woyamba tsiku limenelo."

Bong anakweza manja ogwirizana mpaka pamphumi, anaweramira aliyense, ngakhale wokankha tebulo la mankhwala.

Odwala tachuluka kuposa masiku. Ratana amuuza kuti adikire, mpata ukapezeka amuitana. Anati chabwino, n'kutembenukira kukhoma. Ndinasowa poika nkhope.

Lamulo ndi ili: amene atenthe thupi, atsokomole kapena atuluke chilonda, amuchotsa n'kulowetsa wina. Sanangonena. Mayi wa bedi la kukhomo, amene amayenera kulowa mawa, anatsokomola pamaso pawo. Anamuyeza, anamuchotsa. Walira mpaka madzulo. Tsopano aliyense akutsokomolera m'pilo.

Ndaimbira Mealea. Akuti akagula maluwa ndi lubani apite kukachisi asanalowe m'kalasi.

Lachiwiri, 16 Januwale

Ndinadzuka khosi litalimba, mutu ukulemera, mapewa ngati ndasenza thumba la mpunga. Makina aja amaulutsira mphepo pabedi langa lenileni. Masana ndinayamba kunjenjemera.

Bong anandigwira pamphumi, kenako pakhosi.

"Mphepo yakulowa."

"Musamuuze nesi."

"Ndine chitsiru ine? Akabwera madzulo ndi kachitsulo kawo ka m'khwapa, Lachinayi lapita."

"Ndiye titani?"

"Titani chiyani? Vula malaya."

Ndilembe zoona: sanandikakamize. Ndinavula ndekha, ndipo ndinasangalala. Munthu mphepo ikamulowa timamupala, palibe amafunsa. Kudzoza mafuta otentha aja, kutenga kobiri, n'kumakokera pakhungu mzere ndi mzere kutsata nthiti mpaka pafiire. Pakafiira kwambiri ndiye kuti mphepo inali yambiri. Manesi enieniwa amabwera kuntchito mizere yofiira ikusuzumira m'khosi mwa yunifolomu. Ndipo kumsika kwathu dzanja la Bong limadziwika, amayi amasiya mabenchi awo kudzawatembenuzira msana. Kobiri lawo ndi lamkuwa, lakalekale, linali la amayi athu.

Manesi anali atapita kukadya. Amayi ake a Ratana anatigwirira nsalu kutchinga. Bong anayamba kumsana, kenako mapewa, kenako anati tembenuka, n'kupala pachifuwa, m'mbali mwa fupa ndi pakati penipeni. Pena panatuluka timagazi.

"Taona, yakuda bii," anatero. "Sindinaonepo mphepo yochuluka chonchi. Akanakupha ndi makina awowa."

"Pang'onopang'ono, Bong. Si nsomba imeneyi."

"Nsomba siyankha."

Thupi linapepuka. Ndinagona tulo tokoma, toyamba chibwerereni. Madzulo nesi anayeza: kutentha kuli bwinobwino. Ine ndi Bong tinayang'anana ngati akuba amene adutsa pa polisi osaimitsidwa. Jakisoni wa pamimba monga mwa masiku onse.

Lachitatu, 17 Januwale

M'mawa nesi anabwera ndi sopo wofiira wosambira opaleshoni isanachitike. Anati ndivule andionetse potsuka. Ndinavula. Anandiyang'ana pachifuwa. Anaika botolo pabedi n'kutuluka mofulumira.

Ndinayang'ana pansi. Mizere ija sinalinso mizere. Chifuwa chonse chinali chakuda ngati biringanya, chotupa, cholimba, ndipo pakati, pafupa, khungu linali litasupuka malo angapo, pakutuluka madzi. Kumsana akuti n'chimodzimodzi mpaka m'chiuno.

Anabwera Lok kru, kenako mayi wa imvi uja ndi womasulira. Mayiyo anayang'ana, nkhope inasintha, anafunsa kanthu. Womasulira anachita manyazi.

"Akufunsa kuti wakumenyani ndani."

Lok kru anamufotokozera m'chinenero chawo, akukoka chala pamkono pawo. Mayiyo anatsinzina.

"Ming," anatero Lok kru, "jakisoni wa pamimba uja amaletsa magazi kuundana. Paliponse pamene kobiri ladutsa, magazi akhala akutuluka mkati kuyambira dzulo. Ndipo apa," anandiloza pafupa, "ndi pamene timadula. Sitingadule pachilonda."

"Ndi mphepo imeneyo, Lok kru," anatero Bong. "Mawa ikhala itazilala. Ndapala anthu ine inu musanabadwe."

"Ndikudziwa, Ming. Inenso amayi anga amandipala mpaka lero."

"Nanga bwanji simunanene? Munanena za mswachi. Munanena za mpeni."

Anavula magalasi.

"Sindinaganize," anatero.

Ndinati tinachita mantha chifukwa dzulo thupi linatentha. Anayang'ana pa khadi langa. Akuti silinatenthepo ngakhale kamodzi.

"Munangozizidwa, Ming. Mukanapempha bulangete."

Aimitsa kaye jakisoni wa pamimba, ayamba dripi ya mankhwala opha tizilombo. Akuti Lachinayi lokha ayi. Khungu likauma, mwina Lachisanu masana, opaleshoni yomaliza. Mawu akuti mwinawo ndawagwira ndi manja awiri. Ndikuopa.

Lachinayi, 18 Januwale

M'mawa anabwera ndi bedi la matayala. Linadutsa langa n'kuima pa la Ratana.

Anali atamuveka kale kachipewa. Podutsa anatambasula dzanja n'kugwira chala changa.

"Ming, pepani."

"Upepesa chiyani? Pita, usawadikiritse."

Pakamwa ndinatero. Mumtima ndinafuna atsokomole. Ndikulemba chifukwa ndi zoona: mwana wa eni, wa khanda loyamwa, ndinafuna atsokomole.

Masana anati zayenda bwino. Amayi ake anabwera ndi malalanje, anagwada pafupi ndi bedi langa, akuti moyo wa mwana wawo wachokera kwa ine, ndapeza madalitso a moyo uno ndi ukubwerawo. Ndinayang'ana manja awo, omwe aja anatigwirira nsalu Lachiwiri, ndipo ganizo loipa linandifikira, lakuti mwina anachitira dala kuti mpata wanga upite kwa mwana wawo. Koma ayi. Mayi amenewa sadziwa kanthu, nawonso ali ndi mizere yawo m'khosi. Tsoka silinunkha.

Bong sanalankhule kuyambira dzulo, munthu amene amakangana ndi wailesi. Achapa zovala zanga zochapa kale, apukuta chitsulo cha bedi, asenda malalanje aja n'kuwayala m'mbale. Ndikawayang'ana amayang'ana kwina.

Madzulo thupi latentha, tsopano zenizeni.

Lachisanu, 19 Januwale

Pachifuwa patuluka mafinya. Atsuka, amanga bandeji. Dripi ina. Lok kru anaima kumiyendo kwa bedi n'kupukusa mutu.

Lero sindingalembe zambiri.

Loweruka, 20 Januwale

Apita. Ndinamva m'manja kubwalo, akujambulitsa, aliyense atamukoleka mpango m'khosi. Mayi wa imvi uja anakwera kudzandiona, chikwama chili kale paphewa. Kudzera mwa womasulira anati pepani, Januwale ukubwerayo ndidzakhala woyamba. Ndinagwirizanitsa manja. Ndikanatani? Mlendo ndi mame.

Bong atamuona akubwera anatuluka.

Makina oziziritsa azimitsa masana ano. Akuti amadya magetsi.

Lolemba, 22 Januwale

Kutentha kwatsika. Jakisoni wa pamimba wayambiranso. Mikwingwirima yayamba chikasu m'mbali.

Mealea anafunsa pafoni chimene chachitika. Ndinati chilonda chinangotuluka pachifuwa, zimachitika.

"Chilonda chimangotuluka chokha, amayi?"

Mwana ameneyu anatengera amayi ake aakulu. Ndinati batire latha.

Bong asamuka. Sakugonanso pansi pa bedi langa, ayala mkeka pakhonde la panja, pamene mphepo imawomba molunjika. Amabweretsa phala, amatenga ndowa, amabwerera komweko. Ndinati, "Bong, lowani, mukuchita ngati mkamwini wolakwa." Sanaseke. Ndikanakonda akanandikalipira.

Mkwiyo ndili nawo, koma ndikusowa woupatsa: iwo, ine, makina, kapena dokotala amene anakumbukira mswachi. Paja amati madzi akatayika saoleka. Amene ananena mawu amenewa analibe ludzu.

Lachitatu, 24 Januwale

Ratana wabwerera m'wodi, akuyenda atakumbatira pilo pachifuwa. Milomo yafiira. Anandiitana kuti ndimve. Ndinaika khutu: tiki, tiki, tiki. Ndinamuuza kuti ikuyenda bwino, asadzachedwenso kuntchito. Anaseka, kenako analira, ine n'kuyamba kumutonthoza.

Masana Bong atapita kukachapa, ndinagwira malaya a Lok kru.

"Inuyo simungandichite?"

"Ndekha ayi, Ming. Opaleshoni imeneyi imafuna makina ogwira ntchito ya mtima pamene tauimitsa, ndi munthu wowayendetsa. Makinawo alipo, bungwe linatigulira, koma alendo akapita timawafunditsa pulasitiki. Anzathu awiri ali kunja akuphunzira. Zaka ziwiri, zitatu, tizidzachita tokha mwezi uliwonse."

"Zaka ziwiri n'za anthu ena. Ine ndikufunsa za Januwale. Ndifika?"

Anakhala pampando, chinthu chimene sachita.

"Mtima wanu watopa. Magazi oundana aja akadali pomwepo. Mukamamwa mankhwala osadumphitsa... ena amafika."

"Ena."

"Ena, Ming."

Ndinawathokoza. Sindikudziwa kuti timathokozeranji.

Bong atabwera anaima ndi zochapa m'manja, maso akufunsa. Ndinati, "Akuti chaka chimodzi si kanthu. Ndizingomwa mapiritsi." Anagwedeza mutu n'kutuluka.

Lachisanu, 26 Januwale

Atitulutsa lero. Chilonda chauma. Mapiritsi: wokodzetsa m'mawa, wochepetsa liwiro la mtima m'mawa, wosungunula magazi madzulo. Kuyezetsa magazi mwezi ndi mwezi kuchipatala cha kwathu. Nesi wamkulu anawerenganso malamulo aja. Tsopano awonjezera limodzi, ndipo ndinamva akuuzanso odwala amene angofika.

Ndinatuluka pakhonde kukawauza Bong kuti amange katundu. Ndinawapeza atadzipinda pamkeka, mpango kumutu, mano akugundana. Masiku onsewa pamphepo. Ndinawagwira pamphumi.

"Mphepo yakulowani."

"Palibe kanthu."

"Bweretsani kobiri."

"Ndinataya."

"La amayi?"

"Lili m'ngalande kuseri kwa bafa."

Ndinatenga supuni ya phala m'ndowa n'kuipukuta ndi malaya. Mafuta anali akadali m'thumba mwawo.

"Vulani."

"Usandikhudze, Thou. Khala pansi, utopa."

"Inu palibe akukubayani pamimba. Vulani, anthu akutiyang'ana."

Kenako anatembenuka, anakweza malaya mpaka m'khosi. Msana wa Bong ndinali ndisanauyang'anepo bwino. Ndi waung'ono, nthiti zili poyera. Zaka zonsezi amapala ena, iwo sindikukumbuka akupalidwa.

Ndinadzoza mafuta, ndinakoka supuni. Ndisanafike pakati pa msana ndinayamba wefuwefu. Ndinaima, ndinatsamira khoma, ndinapuma, ndinayambiranso.

"Ukusisita mphaka? Kanikiza."

"Ndikukanikiza."

"Manja a nthochi."

Mawu anali awo enieni aja, koma mapewa anali akugwedezeka, ndipo sikunali kuzizidwa kokha. Sanatembenuke. Inenso sindinazungulire kutsogolo.

"Chaka chamawa," anatero, "akadzakuika chitsekocho, udzakhala ndi mphamvu. Udzandipala zenizeni."

"Inde, Bong."

"Ndikunena iwe. Udzandipala."

"Ndamva."

Ndinapitiriza mpaka anaitana dzina langa pawindo la mankhwala. Msana wawo sunafiire.